Chinjoka Chokhala ndi Mawu a Malemu

Ku Tabata, dera la anthu olankhula Chiswahili, kuli bambo ena achikulire amene adasiya kuyendetsa malole a ku Malawi maso atayamba kuchita chidima. Katuni ya mfiti ndi zinjoka ikayamba pa TV, iwo amatsitsiratu voliyumu n'kumawalankhulira okha onse a m'katunimo m'Chichewa, kuti chiwalowe m'makutu adzukulu awo, amene chilichonse amayankha m'Chiswahili.

"Ngwazi zimatopetsa," amatero. "Woseketsa weniweni ndi uja amadandaula tsiku lonse koma osakusiya."

N'chifukwa chake amakonda chinjoka china chonenepa, cholongolola, ndipo adachipatsa kalankhulidwe ka malemu akazi awo. Chikalavula moto chimati, "Inu bambo, mwalowanso ndi nsapato m'nyumba!" Ana amachita kugubuduka nako kuseka.

Tsiku lina mfiti idasandutsa chinjokacho mwala. Agogowo adatsegula pakamwa, koma mawu sadatuluke. Zithunzi zinkangoyenda, m'nyumba muli zii.

Keziya, mdzukulu amene anali asadalankhulepo Chichewa, adawayang'anitsitsa. Kenaka adaimirira, manja m'chiuno ngati agogo ake aakazi.

"Inu bambo," adatero lilime likupunthwa, "chai yanu ikuzizira."

Agogowo adanyamula kapu ya tiyiyo ndi manja awiri, namwa.