Dengu la Apongozi Anga

Chaka cha korona, a pawailesi atayamba kulengeza kuti anthu azikhala motalikirana, ine sindinaone chachilendo. Ine ndi apongozi anga aakazi tinali titakhala motalikirana zaka khumi ndi zinayi popanda wotikumbutsa.

Kwathu kuno mkamwini ndi mayi a mkazi wake sayang'anana. Mukakumana panjira, wina amapatuka. Apongozi anga ankapatuka msanga kuposa aliyense amene ndikumudziwa. Akangoona malaya anga oyera patali, ankalowa m'chinangwa cha eni ake n'kunjuta, mpango atakokera kumaso. Moni tinkapatsana ndithu, koma woyang'ana kumitengo, ndipo nkhani zina zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Anthu amati umenewo ndi ulemu, ndipo pagulu ndinkavomera. Mumtima ndinali ndi funso langa. Ine ndine wa ku Malindi, wobatizidwa pamishoni. Iwo ndi Asilamu, anawoloka malire pa Chiponde nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, mwana ali kumsana, ndipo mwana ameneyo ndi amene ndinadzawatengera ine. Sindinkadziwa ngati ankandipatukira chifukwa cha ulemu kapena chifukwa chosafuna kundiona. Panjira ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi.

Matendawa anabwera nawo m'nyumba ndine. Ndimaperekera zakudya pahotela ina ku Makokola, ndipo amene anandipatsira sindimudziwa. Ine anangondikhudza: mutu, kachifuwa, kenako mphuno ndi lilime zinanyanyala ntchito. Mkazi wanga ndiye anamugwetsa. Kuchipatala anatiyeza, anatipatsa mankhwala, n'kutiuza kuti popeza akupuma yekha, tikadzitsekere kunyumba masabata awiri, ndipo kupuma kukavuta tiimbe foni. Anatichenjezanso kuti okalamba ndi odwala shuga asatiyandikire. Mwana wathu anali kwa azakhali ake ku Malindi, tinati akhale konko. M'nyumba yathu ya lendi m'tauni ya Mangochi tinatsalamo awiri, ndi mpopi panja, ndi makala a masiku ochepa.

Mbiri yathu inafika kwa anansi ife tisanatsike panjinga. Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma sananene zochita ngati wozimayo nayenso ali ndi ndevu. Mayi a paokala yoyang'anana nafe ndinawaitana ndili mkati mwa mpanda kuti andiponyere mchere. Anayankha chitenje chili pakamwa kuti mchere watha. Ndinkauona pashelefu, mapaketi ali ndandanda. Wakabaza amene ndinkamutuma masiku onse anati tayala laphwa, ndipo pasanapite nthawi anadutsa pamsewu atanyamula bambo wina wonenepa kwambiri. Sindiwada anthu amenewa. Kungoti sindiiwala msanga.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinamva odi wapansipansi. Nditasuzumira pampanda, ndinaona apongozi, dengu lili pamutu. Amagulitsa tomato mumsika ndipo amakhala kutsidya kwa mlatho. Amadwalanso shuga. Anatula dengu kunja kwa geti, anabwerera n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango umene uli m'mbali mwa mpanda wathu, anandifulatira, n'kuuza mtengowo kuti:

"Eni nyumba adziwe kuti pageti pali katundu."

Ine ndinaima pakhonde, ndinayang'ana mpopi, n'kuyankha kuti, "Amayi adziwe kuti tathokoza kwambiri."

Mlangizi wa zaumoyo akanationa, akanatijambula n'kutipachika pachipatala kuti ena aphunzire.

Dzulo lake mkazi wanga anali atawaimbira foni n'kutchula buledi, mkaka ndi majarini. M'dengumo munalibe ngakhale chimodzi mwa izi. Apongozi anga sagula zimene mwaitanitsa, amagula zimene munayenera kuitanitsa. Munali tomato, anyezi, mchere, mpunga, usipa wouma, mafuta m'kabotolo, mandimu, jinjala, ndipo pansi penipeni panali kambuzi wokulungidwa m'kapepala. Mkazi wanga sadya tsabola, mayi akenso ayi. Ndinati mwina wogulitsa anangoikamo banyira, ndinamuponya pawindo la kukhitchini.

Zinayamba kuyenda choncho m'mawa uliwonse. Dengu pageti, apongozi pamtengo, ine pakhonde. Ndikachotsa katundu, dengulo ndinkalitsuka ndi sopo, kuliyanika padzuwa, n'kulikoleka kunja kwa geti kuti asinthanitse ndi lina mawa lake. Tsiku lina analitembenuza, kulinunkhiza, n'kuuza mtengo kuti dengu lawo tsopano likusamba kuposa mwini wake.

Vuto linali kuphika. Ndanyamula mbale za anthu zaka zambiri, ndimadziwa mbali imene foloko imakhala, koma chimene chimachitika mbale isanafike m'manja mwanga sichinkandikhudza. Tsopano ndinali pambaula ndekha, wopanda mphuno. M'mawa wina ndili chiimire pakhonde kuthokoza mpopi, apongozi anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Pali nyumba ina m'dera lino imene mpunga ukupserera." Ndinathamanga. Unali utada kale. Ine zonse ndinkangomeza, wopserera ndi wosapserera yemwe, chifukwa pakamwa panga zinali chimodzimodzi. Kenako ndinakumbukira kapepala kaja. Nditaluma kambuzi mmodzi, lilime langa linamva kanthu koyamba m'masiku asanu, ndipo misozi inatuluka. Kuyambira pamenepo ndinkayang'ana pansi pa dengu ndisanayang'ane pamwamba, ndipo kapepala sikankasowa. Ndinati wogulitsa ameneyu ndi wamtima wabwino.

Chakumapeto kwa sabata yoyamba mkazi wanga anasiya kudya. Mawu anamuthera, moti foni ya kwa mayi ake inasiya kuimbidwa. Nambala yawo inalimo m'foni mwake, koma ine ndinali ndisanawaimbirepo chikwatire, ndipo sindinkadziwa kuti pafoni munthu umayang'ana kuti. Ndinkaphika phala la mpunga, kumupatsa, iye n'kutembenukira kukhoma. Namwino pafoni anati azidya, mankhwala okha sangamudzutse. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamuuza kuti aganizire mwana. Ankangotseka maso. Ndinali ndi mantha oopsa. Ndinkaopa kuti afa, ndipo ndinkadziwa amene anabwera nayo imfayo pakhomo.

Apongozi anayamba kufunsa mtengo: "Wodwala wadya?"

"Wadyako," ndinkatero kuuza mpopi.

Ndinanama masiku awiri. Phala lotsala ndinkalikhuthula kuseri, pamene madzi a pampopi amatulukira pansi pa mpanda. Sindinaganize za nkhuku za eni nyumba yoyandikana nafe. Tsiku lachitatu apongozi anafika, koma sanatule dengu. Anaima n'kuyang'ana nkhuku zikujompha mpunga m'ngalande kunja kwa mpanda.

"Nkhuku za kuno zanenepa," anatero. Ndipo anagwira geti n'kuyamba kulikankha.

Sindikumbukira kutsika pakhonde. Ndinangopezeka ndagwira getilo mbali yamkati, masiki ili pakamwa, nkhope yanga itayang'anana ndi yawo. Ndinaona kuti ndi aafupi kuposa mmene ndinkaganizira. Diso limodzi linali ndi ng'ala. Mano akutsogolo anali ndi kampata kofanana ndi ka mkazi wanga, ndipo ndinakaona bwino chifukwa masiki yawo ya chitenje inali pachibwano, ikuteteza khosi.

"Amayi, simulowa," ndinatero.

Anali mawu anga oyamba kulunjika kwa iwo m'zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali owakaniza kuona mwana wawo.

Sanandiyang'ane. Analankhula ndi mtengo wa geti. "Tsiku limene tinkathawa kwathu, mayi anga anali gone m'nyumba, akudwala. Ndili pakhomo anandiuza kuti usalowe, thawa ndi mwanayo, ine ndikupeza. Ndinamvera. Mpaka lero sanandipeze." Anakonza dengu pamutu. "Kumvera ndinamvera kamodzi. Kwakwana."

Ndinati, "Muli ndi shuga, amayi. Mukalowa, ndikhala ndapha awiri."

Anakankha, ine ndinabweza. Munthu amene wasenza madengu a tomato moyo wake wonse ali ndi mphamvu zimene woperekera tiyi alibe. Tinalimbirana geti, mkamwini ndi apongozi ake, dzuwa likuswa mtengo, mayi a paokala akuonerera mchere uli kumbuyo kwawo. Kenako anangolisiya. Anapita pamtengo paja, anakhala pansi, dengu anaika pamiyendo. Sanalire. Ine manyazi anandigwira, ndiponso ndinapsa mtima, ndi iwo, ndi matendawo, ndi ine mwini.

Ndili chigwirire geti, ndinazindikira chinthu chimene ndinayenera kuona kale. Windo la kuchipinda kwathu limayang'ana mtengo wa mango umenewo. Pakati pake panali mpanda wa bango basi, ndi mtunda wokwanira kukondweretsa namwino aliyense. Ndinatenga chikwanje. Mpandawo unali wa alandilodi, koma tsiku limenelo alandilodi anali kutali. Ndinadula bango mpaka panatseguka malo oti munthu n'kuonekera kuyambira m'chiuno kupita kumwamba. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula windo, ndinakokera bedi pafupi, n'kumutsamiritsa mkazi wanga pamapilo.

Mayi ndi mwana anaonana. Ndinkayembekezera mawu achisoni. Apongozi anayamba kumukalipira m'Chiyao, chimene ine ndimangomva mitu yake. Ndinamva za malire, za mtunda umene anayenda naye kumsana, za nkhuku. Atatha anatulutsa m'dengu kachidebe kokulungidwa m'nsalu, anakaika pansi pa bowo lija, n'kubwerera pamalo pawo. Munali phala la mpunga wosinja, lamadzimadzi, lothira bwemba. Anali atabwera nalo kale, podziwa bwino lomwe mtundu wa mkamwini amene ankawayankha kudzera kumpopi uja.

Ndinatunga ndi supuni. Mkazi wanga anatembenukira kukhoma monga mwa masiku onse.

"Iwe mwanangu," anatero apongozi, osakweza mawu. "Tsegula pakamwa."

Mkazi wanga, mayi wamkulu wa mwana wa ku sekondale, anatsegula pakamwa. Anameza supuni zinayi n'kutseka maso. Apongozi anati, "Alihamudulillahi. Ina." Anameza ina. Phala lina linanditayikira pabulangete, ndipo mtengo wa mango unauzidwa kuti pali anthu ena amene amalandira malipiro chifukwa chonyamula mbale.

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, benchi lawo la tomato atasiyira mnzawo. Pochoka anaimirira, anakutumula chitenje, anayandikira bowo lija mpaka pamene ndinakweza dzanja kuti aime. Anaima. Ine ndinali pawindo, kachidebe kali m'manja. Sanayang'ane mtengo kapena geti. Anandiyang'ana ine ndi diso lawo labwino lija.

"Inunso muzidya, bambo," anatero. "Kambuzi uja sindigulira nkhuku."

Ananyamula dengu n'kumapita.

Ndinakhala pansi m'chipindamo, pasimenti. Mkazi wanga anadzandiuza atachira kuti za tsabolazo anawauza kamodzi kokha, chaka chimene tinakwatirana, podandaula kuti wapeza mwamuna wovuta kuphikira.

Apongozi anabweranso mawa lake ndi mkuja wake, mpaka masabata aja anatha. Phala linasanduka mpunga ndi usipa, kenako tsiku lina mkazi wanga anadandaula kuti ndachulutsa mchere, ndipo ndinadziwa kuti wabwerera. Apongozi sanadwale. Sanandilankhulenso mwachindunji, ndipo zonse zinabwerera kwa mtengo ndi mpopi. Alandilodi atabwera anaona mpanda n'kufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinati inali mphepo. Anayang'ana bango lodulidwa bwinobwino lija n'kunena kuti mphepo ya chaka chino inali ndi chikwanje chakuthwa.

Patapita mwezi ndinakumana nawo panjira ya kumlatho, ine ndikuchokera kokwerera minibasi, iwo akuchokera kumsika. Anaona malaya anga oyera patali. Analowa m'chinangwa cha eni ake, ananjuta, mpango anakokera kumaso, chimodzimodzi mmene ankachitira zaka zonse zija. Nanenso ndinapatukira mbali inayo, ndinagwada paudzu, chipewa chili m'manja. Tinapereka moni kumitengo, mitengo inayankha kuti kunyumba onse ali bwino. Anakhala chinjutire mpaka nditadutsa, ndipo ulendo uno ndinafika kunyumba osadzifunsa kanthu.