Shelefu Yopindika Mwendo

Adalaivala a lole oyandikana nafewa musawayambitse za mndandanda wa makoleji apamwamba, mungachedwe kuntchito. Mkuluyu sagula ngakhale tayala asanaliponde. Pa nkhani ya makoleji, funso lawo ndi limodzi: "Anakayendera makolejiwo ndani, ndipo anafika tsiku lanji?" Ena amati ndi nsanje ya munthu wosaphunzira. Bodza lenileni! Bambowa anyamula zambiri pamsana pa lole ija.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anabwera ndi foni, fomu ili m'manja.

"Ababa, ndasankha koleji iyi. Ndi nambala wani, taonani laibulale yake."

Bambowo anakuza chithunzicho ndi zala zawo zamafuta, naseka mpaka kutsokomola.

"Shelefu yopindika mwendoyi ukuiona? Ndinaigwetsa ndine. Ndaitsitsapo pa makoleji atatu, ndi mabuku omwewa, oyendera akatsala pang'ono kufika. Akangotembenuka, timapakiranso."

"Ndiye ndilembe iti, ababa?"

"Usalembe kaye, mwanawe. Mawa tikwere lole, tikaone tokha tsiku lopanda alendo. Shelefuyo tikaipeza, ndisaina."

Anapitadi. Mulaibulale muja anapezamo fumbi lokhalokha, ndi mizere pansi pomwe anakokera shelefu.