Munati tikonze pakhomo, ife tinakonza

Nyumba ya bambo anga ku Area 2 akuigwetsa Lolemba likubwerali. Mwaiphetsa ndinu a komiti yolemba nyumba zakale, inu a ku City Centre, nsanjika yachiwiri, chitseko chachitatu kumanzere. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Ndalemba n'kufufuta katatu. Ulendo uno sindifufuta.

Kwa amene simundidziwa, ndine Esinati, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndimakhala ku Area 47. Bambo anga, malemu a Yotamu, anali mmisiri womanga. Anamangira anthu ambiri ku Old Town, koma nyumba yomwe ankayenda nayo monyada ndi yathuyi. Njerwa anaumba okha, n'kuotcha okha. M'mbali mwa chikombole chawo anasemamo chilembo cha Y, choncho njerwa iliyonse inatuluka ndi dzina lawo pankhope. Khonde lili ndi makomo atatu okhota pamwamba ngati a tchalitchi, opanda chitsulo ngakhale chimodzi. Pamwamba pa mawindo anasiya timabowo tolowera mphepo, moti mu Okutobala anthu akamapsa, ife tinkagona chofunda. Pulasitala anakana. Ankanena kuti amapaka pulasitala ndi amisiri omwe ali ndi chobisa.

Lero nyumbayo yatsala yokha pakati pa mashopu a matayala ndi a zitsulo. M'menemo mumakhala mayi anga a Nabanda, a zaka 79. Achimwene anga aakulu, a Lifasi, akhala akunena kuti tigulitse malowo, mayi asamukire kwawo ku Area 43. Wogula analipo kale, wofuna kumanga mashopu. Ine ndinakana. Tsiku lomwe tinamanga chiliza cha bambo tinagwirizana pamaso pa amalume: komiti yanu ikailemba nyumbayo m'kaundula mvula isanagwe, ikhala, chifukwa nyumba yolembedwa munati siigwetsedwa. Ikakanidwa, achimwene asayina mapepala ogulitsira malowo. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkadziwa nyumba yomwe bambo anga anamanga.

Ndinafika ku ofesi kwanu Lachiwiri, 8:10 m'mawa, nditapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi. Munatsegula 9:30. Bambo wa tayi yofiira, yemwe ndi amene amalandira mafomu, anandiona 10:45. Ndinamuonetsa zithunzi pa foni. Anati zapafoni sawerengera, akufuna zotsuka. Ndinatsika, kukatsukitsa, kubwerera 12:05. Ndinapeza chitseko chotseka, ati apita kukadya. Ndinakhala pa masitepe mpaka 2 koloko. Zonsezi sindikudandaula nazo. Ndine Mmalawi, kudikira ndinazolowera.

Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Atalandira zithunzi zija n'kuziponya mu failo osaziyang'ana, ndinafunsa funso limodzi. Ndinati, bwana, pali chomwe tiyenera kuchita oyenderawo asanabwere?

Maso ali pa foni, anandiyankha kuti, "Mayi, mukufunsa ngati simunalandirepo alendo. Kubwera akuluakulu. Konzani pakhomo, paoneke bwino, musakatichititse manyazi."

Mawu akewo ndi omwewo. Sindinaonjezere kapena kuchotsera.

Ndinapita nawo kwa mayi monga momwe ndinawalandirira. Tsono mayi anga muwadziwe. Ndi munthu woti m'busa akati abwera Lachisanu, iwo ayamba kukwecha mapoto Lolemba. Ali ndi mbale zagalasi zomwe ife ana awo sitinadyerepo. Ndipo zaka zonsezi akhala ndi kanthu kowalasa mumtima, chifukwa azimayi anzawo ankaitcha nyumba yathu "yosamaliza ija". Bambo ali moyo ankangoseka. Mayi sankaseka.

Atamva zoti kubwera akuluakulu, anati, "Esinati, anthu a boma adzaone njerwa zili pamtunda ngati khola? Adzati Yotamu analephera kumaliza nyumba."

Ndikanawaletsa. Sindinawaletse. Ndinaganiza kuti a ofesi anena okha, ndine ndani ine. Matumba eyiti a simenti ndinagula ndine, ndi manja angawa, n'kukwera nawo pa lole mpaka pakhomo. Tinaitana womanga. Kuti pulasitala agwire, anayamba watema njerwa zonse za kutsogolo ndi kasemasema, imodziimodzi. Phokoso lake ndinalimva, ndinali m'khitchini kuphikira anthu tiyi. Timabowo ta mphepo tija anatseka, ati timalowetsa fumbi. Azimayi a kumpingo anabwera Loweruka kudzathandiza kupaka penti ya kirimu, akuimba nyimbo. Mayi anaima pamsewu, manja m'chiuno, n'kunena kuti tsopano abwere.

Munati mubwera Lachinayi, 10 koloko. Mayi anapha nkhuku, anatulutsa mbale zija, anavala chitenje chatsopano. Tinadikira mpaka 4 koloko. Nditaimba foni, bambo wa tayi yofiira anati galimoto ilibe mafuta. Kuchokera ku City Centre kufika ku Area 2? Mtunda womwe ine ndimadutsa pa minibasi nditanyamula makope a ana makumi asanu ndi limodzi?

Lachinayi lotsatira inafa nkhuku yachiwiri. Ati muli ku mitingi ku Salima.

Lachitatu la sabata yotsatira ndi pomwe munabwera, osatiuza n'komwe. Mwamwayi ndinali pomwepo. Nthawi inali 3:40. Munatsika anthu awiri, bambo wa tayi yofiira ndi mayi wina wa kumpoto, katswiri wa mapulani a nyumba, yemwe ananyamula failo yathu. Mayiyo anayang'ana chithunzi, kuyang'ana nyumba, kuyang'ananso chithunzi. Anafunsa dalaivala ngati sanasochere. Kenako anafika pa khonde, n'kuika dzanja pakhoma.

"Amama," anatero motsitsa mawu, "njerwa zija zili kuti?"

Mayi anga anamwetulira. Ndikulemba izi misozi ikugwera pa foni, chifukwa kumwetulira kumeneko sindidzakuiwala. Anati, "Tazibisa, mwana wanga. Tinamva kuti mukubwera."

Anayankha ndi bambo wa tayi yofiira, ali chiimire pafupi ndi galimoto, sanafike n'komwe pamthunzi. Anati, "Aaa, mwaononga. Apa chakale palibenso. Iyi ndi nyumba wamba ngati zina zonse."

Munakhala mphindi khumi ndi imodzi. Ndinayang'ana wotchi. Mipando yomwe mayi anakutulutsirani simunakhalepo. Madzi osamba m'manja anazizirira m'beseni. Galimoto itachoka, mayi anandifunsa kuti, "Anati chiyani bambo aja? Penti sinawasangalatse?" Ndinawanamiza. Ndinati abweranso.

M'mawa mwake 7:50 ndinali pa chitseko chanu. Ndinamukumbutsa bambo uja mawu ake. Anati iye sakumbuka. Kenako anati ngati ananenadi, ankatanthauza kusesa. "Ndinati mukonze, sindinati mumange," anatero. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanandiuze kuti tisakhudze khoma. Anati zimenezo n'zolembedwa. Zolembedwa pati? Anawerama, n'kukoka katoni pansi pa desiki yake. Katoni yomanga ndi chingwe, yosatsegulidwapo. Anafunafuna lumo, kudula chingwe ine ndikuona, n'kusolola kabuku konyezimira ka m'Chingerezi. Tsamba lachiwiri, mzere woyamba: musasinthe chilichonse pa nyumba oyendera asanafike.

Tsiku lomwe ndinakhala pa masitepe anu mpaka 2 koloko, katoni imeneyo inali pamapazi ake. Ankaipondetsa nsapato.

Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandipatsire. Anati amapatsa amene wapempha. Anthu inu, ndikanapempha bwanji kabuku koti sindikudziwa kuti kalipo? Ndikanalota? Ndinapempha kuti ndione abwana ake. Ati ali ku mitingi. Ndinapempha kuti komiti ionenso nkhani yathu, poti zithunzi zakale zili mu failo momwemo. Ati mndandanda watsekedwa, komiti idzakhalanso chaka chamawa zinthu zikadzayenda bwino. Ndinamuuza kuti chaka chamawa pamalopo padzakhala shopu ya matayala. Anatambasula manja, n'kuitana wotsatira. Kunjako kunalibe wotsatira aliyense.

Potsika ndinakumana ndi mayi wa kumpoto uja. Iye yekha ndi amene anati pepani. Anandiuza kuti ataona zithunzi zathu anaika failo pamwamba pa onse, chifukwa makomo okhota opanda chitsulo, omangidwa ndi Mmalawi pa nyumba yakeyake, sanawaonepo m'tauni muno. Ndinamufunsa ngati tingathe kuchotsa pulasitala uja. Anafunsa ngati womangayo anatema njerwa asanapake. Nditavomera, anangotseka maso. Ndikanakonda akanapanda kundiuza za failo ija. Kukanidwa chifukwa nyumba ndi yosaoneka bwino ndikanapirira. Koma inali yoyamba, ndipo tinaikwirira tokha tikuimba nyimbo.

Achimwene a Lifasi musawanyoze mu ndemanga zanu, chonde. Pangano tinapanga tonse, ndipo anadikira mpaka mvula yoyamba itagwa. Tsiku losayina anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa galimoto nthawi yaitali. Nawonso anatuta njerwa zomwe zija pamutu ali mwana. Achimwenewo awakonzera mayi chipinda chabwino ku Area 43, cha matailosi, kuseri kwa mpanda wa waya wamagetsi. Kumeneko palibe amene amadutsa pamsewu n'kukuwa kuti a Nabanda mwadzuka bwanji.

Dzulo, Loweruka, ndinafika 6:30 m'mawa ndi makatoni oti tiyambe kulongedza. Ndinawapeza mayi pa khonde, atakhala pa kampando, akupala khoma ndi mpeni wosendera mbatata. Zala zili magazi. Pansi pali fumbi la kirimu. Anali atafukula njerwa zinayi. Zitatu zinali zipsera zokhazokha. Yachinayi, kasemasema uja anaiphonya pang'ono, ndipo theka la Y linkaoneka.

Chilungamo anachidziwa kale, sindikudziwa anawauza ndani. Sanandikalipire chifukwa chowanamiza. Anangoti, "Bambo ako anandiuza kuti ndisadzaipake. Ine ndimati ndikuwachotsa manyazi." Kenako anapukuta njerwa ija ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Waimbire anthu aja, uwauze kuti zayamba kuoneka. Akandipatsa sabata ziwiri ndimaliza khoma lonse."

Ndiye a komiti, ndikufuna mayankho, ndipo muwalembe pompano pomwe anthu akuona. Ndani anaika munthu wosadziwa kusiyana kwa kusesa ndi kusunga nyumba pa desiki yolandira mafomu? Timabuku tija munasindikizira ndani, mbewa? Mukamauza mayi wachichewa kuti kubwera akuluakulu, akonze pakhomo, mumaganiza kuti achita chiyani? Kodi ndi mabanja angati omwe munawauza mawu omwewa?

Inu nonse amene muli ndi nyumba yakale ku Area 2, ku Area 3, ku Falls, kulikonse, mverani ine. Akakuuzani kuti akubwera kudzayendera, musakhudze kanthu. Musapake, musamate, musatseke bowo. Ming'alu aione, dzimbiri alione. Funsani kabuku ka pansi pa desiki, ndipo musachoke asanakupatseni. Manyazi a tsiku limodzi mupirire.

Foni ija ndinaimba, chifukwa mayi anali kundiyang'ana. Inaitana kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. N'zoona, linali Loweruka, inu mumapuma. Ndikulemba pano tangochokera ku tchalitchi, ndipo mayi abwereranso pa khonde ndi mpeni wawo, afika pa njerwa ya chisanu ndi chinayi. Ogwetsa anati afika mawa 7 koloko. Mayi andifunsa kawiri kuti mwati mubwera liti. Ndiuzeni choti ndikawayankhe, chifukwa ine kuwanamiza kachiwiri sindingathe.