Mbaula ya M'chikuta

Loweruka lapitali ndinapita ku Assumane, ku Lichinga, kukaona khanda la mng'ono wanga Zaina, nditanyamula chitenje cha kapulana ndi sopo. Anthuni, zimene ndinapeza zandiimitsa mutu mpaka lero.

Zaina anali m'chikuta, kudikira kuti mchombo wa mwana ugwe. Nanga si mukuidziwa mphepo ya ku Lichinga mwezi wa Juni? Apongozi ake anali atatseka chitseko, zenera atalimata ndi nsanza, ndipo pafupi ndi mphasa panali mbaula ya makala ili psuu.

"Achemwali, mutu ukundiwawa," anatero Zaina. "Ndikati ndidzuke, nyumba ikuzungulira." Mwana naye anali lefuu, osafuna kuyamwa.

"Ndi uchembere umenewo," anatero apongozi. "Tonse tinadutsamo."

Mayo ine! Ndinatsegula chitseko, mbaula n'kuitulutsa, nsanza n'kuzizula. Amayiwo anachita kukuwa kuti ndikumulowetsera mphepo mdzukulu wawo. Tinapempha galimoto kwa oyandikana nawo, ulendo wa kuchipatala. Enfermera, namwino wa pamenepo, atamva za mbaula ija anangogwira pakamwa. Zaina ndi mwana onse anatsitsimuka.

Akafukufuku akhala akunena kuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka, sununkha. Akuti utsi wa nkhuni nawo umachititsa amayi oyembekezera kubereka ana ochepa thupi. Ena akuyesa mbaula zosafuka kwambiri, makala a zitsononkho, gasi wa ndowe, magetsi a dzuwa. Zonsezi ndimazimva pa wailesi, m'Chipwitikizi chosalala bwino.

Koma ndani wazifikitsa m'chikuta? M'menemo simulowa mlendo, simulowa mwamuna. Amalamula ndi apongozi, ndipo palibe amene anakhalapo nawo pansi kuwauza m'Chinyanja kapena m'Chiyao. Ndi makanda angati amene tinawalira tikunena kuti ndi mphepo, kapena kuloza chala munthu wosalakwa? Madzi akatayika saoleka, abale.

Titabwerera kunyumba ndinayamba kuwalalikira apongozi aja, mtima uli phwii. Ndinalozanso paineli ya magetsi a dzuwa imene ili padenga pawo. Anandimvetsera mpaka ndinatha, kenaka anati:

"Mwananga, chapadengacho chimayatsa babu ndi kutchaja mafoni, sichifunditsa munthu. Ine wanga woyamba anafa ndi chibayo, nyengo ngati yomweino, titangobwera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi. Mbaula mwaichotsa, chabwino. Lero kukazizira ndimufunditse chiyani?"

Ndinatchula bulangeti ndi kumufungatira mwana pachifuwa, monga anatiuzira enfermera. Sanakhutire nazo.

Mchombo sunagwebe, mphepo ikukulirakulira, ndipo ine sindingakhale pakhomo paja kulondera makala. Inu akafukufuku, mayi amene anaika kale mwana m'manda chifukwa cha kuzizira, mumupatsa chiyani m'manja kuti asiye mbaula?