Diresi la ku Tsoka

Ndikukumbukira diresi lachikasu la timabatani toyera kumsana. Ndinali mu sitandade 3. Tinkakhala ku Area 14, kuseri kwa nyumba yaikulu, m'kachipinda ka antchito kogundana ndi mpanda. Amayi ankachapa ndi kusita kwa azungu. Bambo anali atamwalira, ndipo kumudzi ku Mitundu kamunda kathu ankalima ndi amalume ndi ana awo, ndiye kachipinda kameneko ndiko kanali kwathu konse. Amayi akanachotsedwa ntchito, chipinda tikanatulukamo tsiku lomwelo, sukulu yanga n'kuthera pomwepo. Ndinkadziwa zimenezi ngakhale ndinali mwana, chifukwa mayi amene ankagwira pamenepo amayi asanabwere anachotsedwa m'mawa umodzi pa nkhani ya sopo.

Alonda athu, a Chimphepo, ankati abwana amapita ku City Centre kukaphunzitsa akuluakulu za msika waufulu, kuti katundu azingoyenda dziko ndi dziko popanda womugwira mwendo. Adona ankagwira ku bungwe loona za ufulu wa ana. M'khitchini mwawo munali chithunzi chachikulu cha ana akuda ndi oyera atagwirana manja. Anali ndi mwana mmodzi, Kilara, wamkulu pang'ono kwa ine.

Loweruka lina amayi ananditenga ku msika wa Tsoka. Tinapeza belo la kaunjika likungotsegulidwa, azimayi atalizungulira, zigongono m'nthiti, wogulitsa akukuwa mawu atasasa, fumbi, dzuwa, ndi fungo lija la mankhwala a m'belo limene limakanirira m'mphuno. Amayi analowa pakati n'kutuluka duku litapendekeka, m'manja muli diresi lachikasu. Kunyumba analichapa kawiri, fungo osachoka.

Mawa lake pochokera kutchalitchi ndinalakwitsa. M'malo modutsa kuseri kwa garaja monga mwa lamulo, ndinadutsa kutsogolo kuti a Chimphepo andione. Adona anali pakhonde ndi tiyi. Ndinamva kapu ikugunda pambale.

Sipanathe nthawi tinali m'khitchini, ine ndi amayi, a Chimphepo ataima pakhomo chipewa m'manja. Adona ankayesetsa Chichewa, ndipo masiku ena tinkaseka kuseri, koma tsiku limenelo panalibe woseka.

"Iyi diresi ya Kilara. Ine ndafuna sabata ziwiri. Inu mwatenga kuti?"

"N'la ku Tsoka ili, adona. Ndagula dzulo."

"Tsoka? Ayi. Ine ndagula kwathu, kutali. Kuno kulibe."

Anandiloza kuti ndivule. Ndinagwira m'mphepete mwa diresi ndi manja onse awiri n'kuyang'ana amayi. Ndinkaganiza kuti akana.

"Vula, Esinati," anatero motsitsa. "Fulumira."

Anamasula okha timabatani tija, kamodzi kanathothoka n'kugubuduka kulowa pansi pa filiji. Ndinatsala ndi panti basi, mapazi pa simenti yozizira, pansi penipeni pa chithunzi cha ana ogwirana manja chija. A Chimphepo anatembenukira kunja. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kumanga katundu: mphasa, ndowa, mbaula, kope langa la masamu. Ndinkadzifunsa kuti pa minibasi atilola kukweza zonsezi?

Apo amayi anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anayankhula asanafunsidwe.

"Linunkhizeni, adona. Zovala za Kilara ndimachapa ndine. Zimanunkha chonchi?"

Adona analinyamula ndi zala ziwiri, kununkhiza, n'kukwinya mphuno. Koma sanakhutire. Anati zovala zonse za mwana wawo amasokerera dzina pakhosi, ndiye tiona. Anatembenuza kolala. Ndinkadziwa kuti amayi sanabe, komabe ndinkaopa kuti dzina la Kilara lipezekapo, chifukwa m'nyumba imeneyo zimene adona anena zinkakhala zoona.

Dzina linalipo, lolemba ndi cholembera chakuda, lofufutika ndi kuchapa. Ndinaliwerenga nditaimika zala, chilembo chimodzichimodzi monga ankatiphunzitsira kusukulu: HANNA.

Kenaka Kilara analowa akudya nthochi, anayang'ana diresi, anayang'ana ine, n'kunena zinazake m'Chingerezi mwachangu. Adona anafiira mpaka m'makutu. Pambuyo pake a Chimphepo anatimasulira: mwanayo ankakumbutsa amayi ake kuti diresi lake linamuchepera, ndipo iwo omwe analiponya m'bokosi la zovala za osauka kutchalitchi cha kwawo, atapita kutchuthi.

Abwana anabwera atamva phokoso. Atauzidwa nkhani anasangalala ngati mphunzitsi amene wapeza chitsanzo. Anawerenga kansalu ka m'mbali, n'kuyamba kufotokoza ndi manja, a Chimphepo akumasulira: thonje mwina linalimidwa konkuno, linakasokedwa dziko lina lakum'mawa, linakagulitsidwa dziko linanso, Hanna analivala, analitaya, linakwera sitima ya pamadzi m'belo, mpaka ku Tsoka. Anati dziko lonse tsopano ndi msika umodzi. Nthawi yonseyi ine ndinali chiimire ndi panti. Amayi ndiwo anamasula chitenje chawo n'kundifunditsa.

"Ndiye diresi layenda kuposa ine, bwana," anatero a Chimphepo. "Ine ndi ku Blantyre komwe sindinapondeko."

Abwana anaseka kwambiri. Adona anapepesa kawiri, anagwira amayi paphewa, amayi n'kuti palibe kanthu, adona, zimachitika. Tinabwerera kukachipinda kathu. Amayi anatseka chitseko, anakhala pansi. Sanalire. Anangoti, "Ndinakuuza kuti uzidutsa kuseri."

Ntchito sinathe. Tinakhala pamenepo mpaka azunguwo atabwerera kwawo, ine ndili mu sitandade 7, ndipo sukulu inathera pamenepo. Koma kuyambira tsiku lija chilichonse chimene amayi agula ku Tsoka, kaya sokosi, kaya thawulo, ankayamba akachionetsa kukhomo la khitchini asanalowe nacho kwathu. Adona ankati sikofunika. Amayi sanasiye. Diresi lija ndinkalivala kumudzi kokha.

Pano zinthu zinasintha, anthu amatero, ndipo mwina n'zoona. Pa wailesi amanena za ufulu wa antchito a m'nyumba, akuti munthu sachotsedwa chisawawa, pali kokadandaula. Anzanga ali ndi mafoni, amauzana nyumba zabwino ndi zoipa. Ine ndikugwira ku Area 13, kwa Amalawi anzathu, anthu osavuta, ndipo amandilola kubwera ndi Tadala, mwana wanga wa zaka zitatu, chifukwa ndilibe womusiyira. Amasewera ndi ana awo, zidole zili mbwee pabalaza, timagalimoto, timipira, tina tating'ono tokwana m'chibakera. Ine ndikukolopa koma diso lili pa iye, ndikusita koma khutu lili pa iye. Tikamaweruka, tisanafike pageti, ndimamuimika kuseri kwa maluwa n'kumupisa m'matumba onse, m'masokosi, ndi kumutambasula tizala. Palibe anandiuzapo kuti ndizitero. Tadala amayesa ndi masewera. Akangoona ndagwada amakweza yekha manja m'mwamba, akuseka.