Ndinati Ndi Chilungulira Pamzere wa Feteleza

Inu owerenga, ine ndine wa mtima wapachala, ndipo khalidwe limeneli linandilanda bambo anga dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Zinali zaka za makuponi. Feteleza atafika pa Santhe tinalawira pa njinga, bambo ali pakaliyala, poti kuponi inali m'dzina lawo ndipo ogulitsa ankafuna mwini wake. Fodya kumunda anali atayamba chikasu. Mzere unali wautali, mavenda akungolowerera kutsogolo, ine ndikutukwana.

Dzuwa litakwera bambo anandikodola. Anati pachifuwa pakulemera ngati wina wawatsamiza thumba, ululu ukutsikira kumkono wamanzere, wina ukukwera kunsagwada. Thukuta linali kamukamu koma thupi lili zii.

"Mwanawe, tiye kaye kuchipatala," anatero.

Denga la chipatalalo limaoneka tili pomwepo. Koma ine ndinawakalipira pagulu: "Ndi chilungulira chimenecho, si mbatata munadya zija? Tikachoka, malo atisungira ndani?"

Ndinagula soda pa okala, kusungunula m'madzi, kuwamwetsa. Atageya ndinati mwaonatu. Apamzere nawo anasanduka madokotala. Wina amati ndi fumbi la m'chigafa, wina amati n'chibayo akangotemera mphini. Bambo anachita manyazi.

Anagwa tisanafike pakhomo la sitolo. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya.

Adokotala sanandinyengerere. Anati zizindikirozo zimaloza kumtima, ndipo tikanafulumira mwina akanayesako. Anandiuza kuti pachifuwa pamapweteka ndi zambiri: chilungulira chenichenicho, minofu ukasenza katundu, chibayo, chifuwa chachikulu, mtima. Koma wosiyanitsa ndi wopima, osati ine wolekezera sitandade sikisi.

Mayi mpaka lero sanandifunsepo za tsiku limenelo. Amangondiyang'ana. Bola akanandimenya.

Ndiye inu owerenga, ndimvereni ine amene zinandionekera. Pachifuwa pakamalemera kapena kufinya, ululu n'kumafalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, munthu akubanika, akuchita chizungulire kapena thukuta lozizira, siyani chilichonse muthamange naye. Ngakhale chifuwa chosatha, chamagazi kapena chobwera ndi kutentha thupi, musachigoneke m'nyumba. Kuchipatala akakuuzani kuti palibe choopsa, mubwerako mukuseka, mwangotaya tsiku basi. Ndipo kholo lanu likafika popempha lokha kuti tiye, dziwani kuti lapirira kale nthawi yaitali lisanatsegule pakamwa.