Nyumba Yawo Anaitchinga ndi Chingwe

Nyumba ya mayi aakulu, akulu awo a mayi anga, inali yozungulira, yansichi zophoma dothi, m'mphepete mwa msewu pafupi ndi Chinakanaka. Inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 eni ake ali moyo.

Komiti ina ya ku boma inkamanga mudzi wamakedzana woti alendo aziona mmene anthu ankakhalira kale. Nthawi yomweyo kunali lamulo lapakamwa loti nyumba zozungulira zisamaonekere kumsewu, akuti zinkanyozetsa chitukuko. Anyamata a chipani anabwera ndi lole, nasasula denga, nazula nsichi, natenga chitseko chansungwi ndi mphero yomwe.

Kwathu nyumba imagwetsedwa mwini wake akamwalira. Anyamatawo anali ana a m'midzi yomweyo, ndipo mwambowu ankaudziwa. Azimayi ochokera kothyola tiyi ataona denga lili pansi anatula madengu, nayamba kulira asanafunse. Mayi aakulu pobwera kumunda ndi nandolo anapeza maliro awo ali m'kati.

"Mukulira ndani?"

"Timayesa ndinu, amayi."

"Malizani, ndimveretu mmene mudzandilirire."

Mayi aakulu anapita kwa mwana wawo ku nyumba za kampani ya tiyi, koma kapitawo anati abale saloledwa kukhalitsa. Anabwera kwathu, nagona m'khitchini. Patapita milungu ingapo anapinda mphasa, nati akutsatira nyumba yawo. Ndinawaperekeza.

Pachipata cha mudzi wamakedzana uja tinaonetsa makhadi a chipani. Nyumba tinaipeza itamangidwanso, yozira bwino, ili pakati pa nkhokwe yopanda chimanga ndi khola lopanda mbuzi. Chikwangwani chachingerezi chinkanena kuti anthu ankagona m'nyumba zotere kalekale. Mwini wake anali atagonamo mwezi wapitawo. Pakhomo anapingasa chingwe.

"Amayi, chingwe sadumpha," anatero mlonda.

"Mumagona ndani muno, bambo?"

"Simugona munthu. Ndi yoonera."

"Ndiye mundione ndikugona."

Anawerama n'kulowa, nayala mphasa. Mlonda anathamanga kukaitana mkulu wa komiti, amene anafika atavala jekete, akusekerera. Sanakalipe, ndipo mpaka lero ndi chimenecho chimandiwawa. Anati mayiwa ndi oyenera kwambiri pamalopo: azibwera masiku a alendo kudzapera mapira pamphero, atavula nsapato, dzuwa likapendeka azipita kwawo.

"Kwathu kuti?" anafunsa mayi aakulu.

Mkuluyo anayang'ana wotchi.

Ndinawauza mayi aakulu kuti akane. Anandiyankha mu Chilomwe, chinenero chimene ankasungira mkwiyo, kuti ine ndili ndi pogona. Anavomera, chifukwa panalibe njira ina yolowera m'nyumbamo.

Ankapera, alendo n'kumajambula. Wina anafunsa womasulira ngati kukadali anthu okhala m'nyumba zotere, iye nati kulibe. Mayi aakulu anali chogwada pomwepo, manja ali mbuu ndi ufa. Madzulo ankabwerera wapansi kudzagona m'khitchini mwathu, pambali pa nkhuni.